Musanamizire dijito, mawu a FM akufera mu situdiyo

"Wailesi zakale zinkalira bwino, za masiku anozi ndi zidole." Mawu amenewa sasowa pakhonde la mmisiri wokonza mawailesi. Amamvekanso, m'zilankhulo zina, pakamwa pa anthu a ndalama zawo ku London, New York ndi Tokyo, amene amalimbirana ma tuner a FM a zaka za m'ma 1970 pa mitengo yodula zedi. Mbali inayi kuli amalonda amene akufuna tikhulupirire kuti chida chilichonse cholembedwa kuti "digital" pabokosi chimatulutsa mawu oyera. Magulu awiriwa akhala akulozana zala kwa zaka zambiri, koma onse akuzenga mlandu wopalamula atamusiya kunja kwa bwalo. Zoti mawu a pa FM aipa, ine sinditsutsa. Koma aipira kumene akuchokera, m'nyumba zoulutsira mawu, ndipo akuwaipitsa ndi anthu amene amalipidwa kuti aziwasamala.

FM idabadwira kumveka bwino. Edwin Armstrong, katswiri wa ku America amene adailembetsa ngati luso lake mu 1933, adasonkhanitsa akatswiri anzake ku New York mu 1935 n'kuwamvetsa zinthu zimene wailesi za AM za nthawiyo sizikadatha kunyamula: madzi akuthiridwa m'tambula, pepala likung'ambidwa, popanda kuthetheka kulikonse kumbuyo. Mu 1961 dziko la America lidavomereza njira youlutsira stereo pa FM, ndipo njira yomweyo ndi imene tikugwiritsabe ntchito lero. FM imanyamula mawu mpaka pa 15 kHz, ndipo makutu a anthu akuluakulu ambiri sapitirira kwenikweni pamenepo. Choncho aliyense wokuuzani kuti FM n'njosakwanira kunyamula nyimbo, ndiye kuti sadaimvepo ikugwira ntchito mmene iyenera.

Tuner ndi mbali ya wailesi imene imakola mafunde mumlengalenga, n'kusankha siteshoni imodzi, n'kutulutsamo mawu. Mu zida zapamwamba imakhala bokosi lapalokha lopanda sipika, lolumikizidwa ku ampulifaya. Mukatsegula chivundikiro cha tuner yabwino ya m'ma 1970 mumaona chifukwa chake anthu amaikonda. Kuseri kwa chotchunira kuli chitsulo cholemera chozungulira, kotero kuti mukachipotokola ndi chala chimodzi singano imatsetsereka yokha pagalasi la manambala. Kachingwe kopyapyala kamadutsa pa timawilo n'kukakoka mulu wa timbale ta aluminiyamu tolowana popanda kugundana, toikidwa m'magulu anayi, asanu, mwinanso kuposa apo. Ambiri mwa magulu amenewa ndi masefa, ochotsa mafunde osafunika mawu asanapite patsogolo. Chilichonse m'bokosimo chidapangidwa ndi anthu odziwa kuti wogulayo adzakhala pampando madzulo onse akumvera gulu la oimba likuulutsidwa pompopompo.

Nthawi imeneyo makampani ankathira ndalama pa FM mosaumira. Marantz 10B ya mu 1964 inali ndi kagalasi koonetsa mmene mafunde akufikira, kuti mwini wake adziwe kolozetsa eriyo, ndipo inkagulitsidwa madola osachepera 600. Kampani ya McIntosh idatulutsa MR78 mu 1972, yopangidwa ndi Richard Modafferi, ndipo idatchuka chifukwa chotha kukola siteshoni yofooka yokhala pafupi ndi ina yamphamvu. Makampani a ku Japan monga Sansui, Kenwood, Pioneer ndi Yamaha adapikisana kwa zaka khumi zathunthu pa nkhani yomweyi. Zida zimenezi zinali zabwino, ndipo ikapezeka imodzi yosamalidwa bwino lero, imamvekabe mokoma.

Koma apa ndi pamene okonda zakale amayamba kudzinamiza. Tuner ya zaka 50 si yomwe ija idatuluka m'fakitale. Ma capacitor ake ena adauma. Masefa ake adasuntha pamene adaikidwa, ndipo kuwabwezera kumafuna mmisiri wokhala ndi makina oyezera, osati wongomvera ndi khutu atagwira sikuludiraiva. Kawirikawiri chimene anthu amachiyamikira kuti ndi mawu ofewa a zida zakale ndi mawu apamwamba amene adazilala chifukwa cha ukalamba wa chidacho. Munthu amalipira ndalama zambiri kugula matenda, n'kumawatcha kukoma.

Palinso nkhani imene okonda zakale a ku Britain safuna kuikumbuka. Iwo amati BBC Radio 3 ya m'ma 1970, yomvedwa pa tuner yabwino, ndiwo mawu okoma kuposa onse amene adaulutsidwapo, ndipo amati chinsinsi chake n'choti munalibe dijito. Chonsecho kuyambira mu 1972, BBC inkatumiza mawu ake kuchoka ku London kupita ku milongoti yake ya FM atasandutsidwa manambala, pa 13 bit ndi 32 kHz, muyeso wotsika poyerekeza ndi wa CD imene idabwera patatha zaka khumi. Mawu amene iwo amawalira aja anali atadutsa kale mu dijito asanafike pa eriyo yawo. Adamveka bwino chifukwa anthu amene ankawasamala anali osamala, basi.

Umboni wina udabwera mu 2008, pamene Sony idatulutsa kabokosi kakang'ono kotchedwa XDR-F1HD pa mtengo wa madola pafupifupi 100. M'kati mwake munalibe timbale ta aluminiyamu tija. Kusefa kwakukulu kunkachitika ndi masamu mu chip. Anthu okonda kusaka masiteshoni akutali atakayeza adapeza kuti pa nkhani yosiyanitsa masiteshoni oyandikana kankagonjetsa ma tuner akale odula kuwirikiza kambirimbiri. Chimene ankakadandaulira chinali kutentha, komanso mbali yake yomalizira yotulutsa mawu, imene kampaniyo idaumirapo ndalama. Ena adangosintha mbali imeneyo n'kukhala ndi chida chapamwamba. Vuto silinali pa masamu. Linali pa kuumira.

Tsono n'chifukwa chiyani wailesi ya mu foni kapena kawailesi kokhala ndi polowetsa memore kamene kali pamsika paliponse kamamveka ngati kakulankhulira m'chitini? Chip chimene chili m'katimo nthawi zambiri n'chabwino kuposa mmene tikuganizira. Koma stereo ya FM ili ndi chilema chobadwa nacho: mafunde akafooka, phokoso la "shiii" limakula ndi ma decibel oposa 20 poyerekeza ndi mono. Tuner yakale inkakusiyani kuti mumve phokosolo, musankhe nokha kudina batani la mono kapena kukonza eriyo. Chip cha lero chimakusankhirani mwakachetechete. Chikaona kuti mafunde ndi ofooka chimaphatikiza kumanzere ndi kumanja, chimadula mawu apamwamba, chimatsitsa voliyumu. Phokoso limathadi, koma nyimbo nayo imapita nalo. Opanga ndi amene amaika malire amenewa, ndipo amawaika moti wogula asadzabweze katundu kuti akusokosera. Onjezerani apo eriyo imene ili chabe chingwe cha mahedifoni chopindika m'thumba, sipika yaing'ono ngati chitsekerero cha botolo, ndi phokoso lamagetsi lochokera ku matchaja otchipa, mababu a LED ndi ma inveta a sola, zinthu zimene nyumba ya mu 1975 inalibe. Ikani Marantz yomwe ija m'chipinda chotere ndi kawaya ka mita imodzi, nayonso idzatsamwa.

Zonsezi n'zazing'ono poyerekeza ndi zimene zimachitikira mawu asanachoke mu situdiyo, ndipo apa ndi pamene ndikufuna tiime.

Mu 1975 katswiri wina wa ku America, Bob Orban, adatulutsa makina otchedwa Optimod 8000. Ntchito yake inali yabwino: kuonetsetsa kuti mawu opita ku mlongoti sakupyola malire a lamulo, komanso sakutsika mpaka kumira m'phokoso. Koma eni mawailesi adazindikira msanga kuti makina otere akhoza kuchita china. Ukawakankha kwambiri, siteshoni yako imamveka yokwera kuposa ya mnzako, ndipo womvera akamadutsa pa masiteshoni amaima pa yofuula. Mpikisano wa kufuula udakula motero, ndipo sudathe mpaka lero. Makinawa amatenga malo otsika a nyimbo n'kuwakweza, malo okwera n'kuwadula nsonga, mpaka nyimbo yonse kukhala pa mlingo umodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ng'oma imasiya kudumpha. Gitala ya besi imasanduka kung'ung'uza kosalekeza. Kwaya imene idayamba monong'ona kuti idzakwere pakorasi imayamba itafuula kale, ndipo korasi ikafika palibenso kokwera. Muulutsi akapuma mpweya, mumamva mpweyawo ukukokedwa m'mwamba pamodzi ndi phokoso la fani ya mu situdiyo. Womvera sadziwa dzina la vutoli. Amangoona kuti patatha ola limodzi mutu walema, n'kuzimitsa wailesi.

Orban mwiniwakeyo, pamodzi ndi Frank Foti amene amapanga makina opikisana ndi ake, adalembapo chenjezo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 kuti nyimbo yofinyidwa kale pojambula sikwera ikafika pa wailesi, imangowonongeka kawiri. Anthu awiri amene amadya za makina amenewa ndi amene adanena zimenezi. Eni mawailesi ambiri sadamvere.

Ndipo kufinya kwa voliyumu kumakumana ndi kufinya kwa mtundu wina, kwa mafayilo. CD imanyamula 1,411 kbps, muyeso wa kuchuluka kwa manambala pa sekondi. MP3 imataya ambiri mwa manambala amenewa, poganiza kuti khutu silidzazindikira zotayidwazo, ndipo ikapangidwa bwino, kamodzi kokha, khutu silizindikiradi kwenikweni. Koma tayang'anani ulendo wa nyimbo imodzi mu situdiyo zambiri za kuno kwathu. Woimba wajambula nyimbo yake, waipereka ngati MP3. Wina waiika mu vidiyo pa YouTube, kumene yafinyidwanso. DJ waichotsa mu vidiyomo n'kuisandutsanso MP3, waiponya pa flash. Pa kompyuta ya mu situdiyo voliyumu ili pamapeto, ndipo pa mixer timagetsi tofiira tayaka osazima, chifukwa wina adamuuza DJ uja kuti kufiira ndiye mphamvu. Kuchoka apo mawu alowa m'makina ofuulitsa aja. Popeza FM imakweza dala mawu apamwamba isanaulutse kuti wailesi yolandira idzawatsitse pamodzi ndi phokoso, zipsera zonse za MP3, zimene zimakhala m'mawu apamwamba momwemo, zimakwezedwa n'kuonekera poyera. Ndiye ngati mawuwo akupita ku mlongoti wakutali kudzera pa intaneti kapena pa setilaiti, amafinyidwanso kachitatu kapena kachinayi. Chimene chimafika kwa womvera ku Mzimba kapena ku Nsanje ndi nyimbo imene zinganga zake zikumveka ngati madzi akutuluka pampopi, ndipo chilembo chilichonse cha "s" chikuthetheka.

Ufa ukapserera ku chigayo, ngakhale muphikire m'poto wodula bwanji, nsima idzanunkhabe utsi. Tuner yapamwamba, yakale kapena yatsopano, ikalandira mawu otere imangokuonetsani kuwonongekako momveka bwino. N'chifukwa chake ndimati mkangano wa ma tuner ndi wa anthu amene ali ndi siteshoni imodzi kapena ziwiri zosamala mawu, monga zoulutsa nyimbo za classical ku Ulaya. Ife tisanafike pokangana za bokosi lolandirira, tili ndi mlandu ndi oulutsa.

Zimene zikuchitikira mawu olankhula n'zomvetsanso chisoni. Mtolankhani wa kuboma amatumiza lipoti lake ngati voice note, yojambulidwa pamphepo foni itayandikira pakamwa, ndipo imaulutsidwa momwemo pa nkhani za madzulo. Ndikudziwa kuti ndalama ndi zochepa ndipo njira imeneyi yathandiza kuti nkhani za kumidzi zizifika msanga. Koma kamaikolofoni kolumikiza ku foni ndi kansalu kotchinga mphepo si zinthu zoti zingagwetse bajeti ya nyumba youlutsira mawu imene imalandira ndalama za otsatsa malonda tsiku lililonse. Gogo amene akumvera uthenga wa katemera kapena chenjezo la madzi osefukira pa kawailesi ka mabatire ayenera kumva liwu lililonse, ndipo akapanda kumva, vuto si kawailesi kake.

Pali chinthu china chimene chimapangitsa anthu ambiri a m'tauni kuganiza kuti FM njoipa. Galimoto zambiri zimene zili pamisewu yathu zidachokera ku Japan, kumene kwa zaka zambiri FM inkaulutsidwa pakati pa 76 ndi 90 MHz, pamene ife timagwiritsa ntchito 87.5 mpaka 108 MHz. Wailesi ya m'galimoto yotere imangokola kachigawo kakang'ono ka masiteshoni athu. Ndiye amisiri amalumikiza kabokosi kotchedwa band expander pakati pa eriyo ndi wailesi, kamene kamatsitsa masiteshoni onse kuti akwane m'malire a ku Japan. Kabokosika kakakhala kotchipa kamaunjika masiteshoni awiri pamalo amodzi ndipo kamawonjezera phokoso lakelake. Wailesi ya m'galimotoyo mwina ndi yabwino kwambiri, koma ikumwa madzi osefedwa ndi sefa yoboola. Kugula wailesi ya malire athu kumathetsa vutoli. Kunyumba nako, chinthu chimene chimasintha mawu kuposa china chilichonse ndi eriyo. Mawaya awiri a masentimita pafupifupi 75 iliyonse, otambasulidwa mbali ziwiri n'kukwezedwa pamwamba kunja kwa denga la malata, amapatsa chip chija mafunde okwanira kuti chisiye kudula mawu. Mtengo wake sufika pa wa matchaja awiri.

Bungwe la MACRA, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1998, lili ndi udindo woyang'anira mafunde a dziko lino. FM ili ndi malire odziwika padziko lonse: mawu asagwedeze mafunde kupyola 75 kHz mbali iliyonse. Siteshoni ikapyola pamenepo pofuna kufuula, mawu ake amasweka m'mawailesi a anthu ndipo amadonthera pa siteshoni yoyandikana nayo. Zimenezi zimayezeka ndi makina, si nkhani ya maganizo a munthu. Ndikufuna kuona bungweli likuyeza siteshoni iliyonse n'kulengeza zotsatira zake poyera, kuti womvera ndi wotsatsa malonda adziwe amene akusamala ndi amene akungofuula. Nawo oimba aleke kupereka nyimbo zawo ngati MP3 yopyapyala. Apite ndi fayilo yosafinyidwa ya WAV, ndipo akafunse kuti ndi yomweyo imene ikuseweredwa. Munthu amene wagulitsa mbuzi kuti alipire situdiyo yojambulira ali ndi ufulu wofunsa zimenezo.

Tsopano pali dijito ina imene ndimaiopadi, ndipo siyenera kusokonezedwa ndi chip cha mu foni. Uku ndi kuulutsa mawu mwa dijito m'malo mwa FM, njira imene ku Ulaya amaitcha DAB. BBC idayamba kuulutsa pa DAB mu 1995, ndipo anthu adalonjezedwa mawu onga a CD. Njirayi ikadatha kupereka mawu abwino. Koma pa DAB masiteshoni angapo amagawana malo amodzi, ndipo aliyense akapatsidwa manambala ochepa, masiteshoni amachuluka, ndalama nazo n'kuchuluka. Zotsatira zake n'zoti ku Britain Radio 3 idapatsidwa 192 kbps, masiteshoni ambiri a nyimbo 128 kbps kapena kutsikirapo, ndipo ena a malonda adayamba kuulutsa nyimbo mu mono pa 80 kapena 64 kbps, patatha zaka zoposa 40 stereo itabwera pa FM. Njira yatsopano ya DAB+ imafinya mawu mwaluso kuposa yoyambayo, koma phindu lakelo eni mawailesi ambiri adaligwiritsa ntchito kuwonjezeranso masiteshoni, ena n'kutsika mpaka pa 32 kbps. Apanso njirayo ilibe mlandu waukulu. Adasankha kuchuluka m'malo mwa kumveka bwino ndi anthu omwe aja amene adasandutsa Optimod kukhala chida chofuulira.

Dziko la Norway lidazimitsa FM ya masiteshoni ake akuluakulu mu 2017, n'kusiyira masiteshoni ang'onoang'ono a m'madera. Ku Switzerland, nyumba youlutsira mawu ya dziko, SRG, idazimitsa FM yake kumapeto kwa 2024, ndipo chiwerengero cha omvera ake chidatsika. Awa ndi mayiko olemera, kumene kugula wailesi yatsopano kapena kusintha ya m'galimoto si nkhani yogona nayo tulo. Ife tidaona kale mmene dijito imakhalira pa kanema, pamene tidasamukira ku madekoda a Kiliye Kiliye: mafunde akakwanira chithunzi chimakhala choyera, akaperewera pang'ono chimauma n'kusweka, kenako n'kuzimiririka. FM ikafooka imasokosera koma mawu amamvekabe, ndipo munthu wa kuseri kwa phiri amatha kumva kuti mlatho wakokoloka. Wailesi ya dijito ikafooka imangoti zii. Kwa dziko la mapiri ndi zigwa ngati lathu, kumene magetsi amathima ndipo wailesi ya mabatire awiri ndiyo imatsala ikulankhula, kusiya FM kungakhale kutaya bomwetamweta.

Tsiku lina adzabwera anthu ndi mapepala okongola kudzatiuza kuti nthawi ya wailesi ya dijito yakwana, ndipo adzanena za mawu oyera. Atolankhani ndi aphungu amene adzakhale m'chipindamo adzawafunse kuti siteshoni iliyonse idzapatsidwa ma kbps angati, kuti nambalayo idzalembedwa mu laisensi kapena ayi, kuti wailesi yake idzagulidwa ndalama zingati ku Chitipa, ndiponso kuti mabatire ake adzatha maola angati.